Mamita angati? Mfundo zofunika kwa wophunzira pisitolo ku Kafue

Munthu akalandira chiphaso chokhala ndi mfuti ya m'manja, funso limene amathamangira kufunsa ndi lakuti, "Chandamale ndichiike patali bwanji?" Amafunsa zimenezi a mabizinesi onyamula ndalama za malipiro, alimi a m'mafamu a m'mbali mwa msewu wa ku Chirundu, ndiponso ena mwa oyang'anira alonda ku dera la mafakitale ku Kafue. Ambiri pofunsapo amakhala ali nalo kale yankho mumtima. Akufuna kumva nambala yaikulu, mamita 25 kapena 50, poti m'maganizo mwawo kuwombera patali ndiye uchamuna.

Ine ndimati mtunda woyenera ndi umene wowomberayo angathe kunena mosanama kumene chipolopolo chilichonse chagwera. Akangoyamba kunena kuti "china sindikuchiona", ndiye kuti wapyola muyeso wake, ndipo chipolopolo chosaonekacho chakagwera penapake pamene iye sakupadziwa. Nkhaniyi ili ndi masamu ake, amene tiwaona, koma gwero lake ndi khalidwe la munthu: kudzichepetsa, kunena zoona, ndi kukumbukira kuti m'dzikomu muli anthu ena.

1. Yambani mwayeza kuseri kwa chandamale

Tisanakambe za mamita a pakati pa inu ndi pepala, tikambe za mtunda umene uli kuseri kwa pepalalo. Chipolopolo cha 9mm chimatuluka mumpope chikuthamanga mamita oposa 300 pa sekondi imodzi. Pepala silichiimitsa, lata silichiimitsa, chitseko chamatabwa sichichiimitsa. Mfuti ikaloza m'mwamba pang'ono, chipolopolocho chikhoza kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka chisanagwe, ndipo pogwapo chimakhala chikadali ndi mphamvu yovulaza munthu.

Tsopano taimani pa malo alionse apululu ku dera la mafakitale ku Kafue, mutembenuke pang'onopang'ono n'kumadzifunsa kuti mu kilomita imodzi ndi theka muli chiyani. Muli fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene yakhala pamenepo kuyambira 1970, ndi mapaipi ake ndi akasinja ake. Muli fakitale yosungunula zitsulo, kumene malole amabwera atadzaza zitsulo zakale. Muli njanji yolowera ku mlatho wakale wa 1906. Muli msewu waukulu wochokera ku Lusaka, umene sugona usana ndi usiku. Muli nyumba za ku Kafue Estates ndi makomboni ena, muli ana opita kusukulu, amayi opita kumadimba, asodzi ali m'mabwato pamtsinje. Tauniyi anaimanga dala kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti antchito azikhala pafupi ndi mafakitale, motero palibe mbali imene mungaloze mfuti n'kunena kuti uko kulibe munthu. Udzu wautali umangobisa anthu, suwachotsa.

Ndiye chifukwa chake malo ophunzirira kuwombera enieni amakhala ndi chimulu chachikulu cha dothi kapena mchenga kuseri kwa zandamale, chachitali kuposa munthu kangapo ndiponso chotambalala kumbali zonse ziwiri. Chimulucho ndiye mwini ntchito pabwalopo. Pepala limangokuuzani mmene mwawombera, chimulu ndicho chimagwira chipolopolo. Chulu cha kuthengo si chimulu chotere ayi: n'cholimba, n'chozungulira, ndipo ukachiphonya pang'ono chipolopolo chimapitirira ulendo. Munthu amene akuti akukaphunzira kuseri kwa weyahausi Loweruka masana, poti antchito aweruka, akutchova juga ndi moyo wa anthu amene sanavomere nawo jugayo.

Choncho ngati kuseriko sikuli bwino, palibe mtunda woyenera. Ngakhale mamita atatu ndi ochuluka.

2. Kuyambira pafupi sikuchititsa manyazi

Aphunzitsi ambiri amayambitsa wophunzira watsopano pa mamita atatu kapena asanu. Wophunzirayo akaimitsidwa pamenepo amaona ngati akunyozedwa. Pepala lili pomwepa, akhoza kuligenda ndi mwala. Koma tiyeni tiwerenge.

Pamwamba pa pisitolo pali zinthu ziwiri zolunjikira: kanyanga kakang'ono kutsogolo ndi kampata kumbuyo. Wowombera amaika kanyangako pakati penipeni pa kampatako. Pa pisitolo wamba, kuchoka pa kampata kufika pa kanyanga ndi masentimita 15 basi. Tiyerekeze kuti dzanja lagwedezeka, kanyanga kasuntha milimita imodzi yokha, kuchepa kwake ngati kambewu ka mapira kosweka pakati. Pa mamita asanu chipolopolo chiphonya pakati ndi masentimita atatu ndi pang'ono. Pa mamita khumi chiphonya ndi masentimita pafupifupi asanu ndi awiri. Pa mamita 25 chiphonya ndi masentimita pafupifupi 17. Ndipo wophunzira watsopano sasuntha milimita imodzi yokha. Poopa kulira kwa mfuti amatsinzina, n'kukankhira mpope pansi chipolopolo chisanatuluke, mwina mamilimita anayi kapena asanu. Pa mamita 25 kumeneko ndi kuphonya ndi masentimita 70 kapena 80, kunja kwa pepala lonse.

Aliyense amene anaungapo mizere m'munda akudziwa zimenezi: chingwe chikakhota pang'ono pa chikhomo choyamba, suona kanthu, koma ukafika kumapeto kwa munda mzere wako walowa m'munda wa mnzako.

Ubwino woyambira pafupi ndi wakuti zolakwa zonse zimagwera papepala, ndipo pepalalo limayankhula. Mphunzitsi wodziwa ntchito akaona mabowo aunjikana pansi chakumanzere kwa munthu wowombera ndi dzanja lamanja, amadziwa kuti chala chikukoka mwamphamvu kapena dzanja lonse likufinya nthawi yowombera. Mabowo akamwazikana popanda dongosolo, amadziwa kuti maso akuyang'ana pepala m'malo mwa kanyanga ka kutsogolo. Amamuuza wophunzirayo, wophunzirayo n'kukonza, n'kuona yekha kusintha pa zipolopolo zisanu zotsatira. Koma ngati pepala lili patali ndipo palibe bowo ngakhale limodzi, mphunzitsi alibe choti awerenge. Ndalama za zipolopolo zapita, ndipo chimene dzanja laphunzira ndi cholakwa chomwecho, chobwerezedwa mpaka kuzolowereka.

Manyazi amenewa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa sapezeka pabwalo lowombera pokha. Timawaona kwa mnyamata amene wangolembedwa ntchito pa makina koma safuna kufunsa, kwa dalaivala watsopano amene akufuna lole yaikulu sabata yoyamba. Safunsa anadya phula. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mfuti wodya phulayo nthawi zambiri amakhala wina.

3. Mubwerere m'mbuyo pokhapokha pepala likakulolani

Lamulo losavuta limene aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito ndi ili: khalani pa mtunda umodzi mpaka zipolopolo zanu zonse zizigwera malo amodzi oti mungawaphimbe ndi chikhatho. Zizitero kawirikawiri, pa masiku osiyana, osati tsiku limodzi lamwayi. Zikatero bwererani m'mbuyo pang'ono, kuchoka pa asanu kupita pa asanu ndi awiri, kenako khumi, kenako 15. Mabowo akayambanso kumwazikana, bwererani kutsogolo. Kubwererako si kugonja, ndi mbali ya phunziro lomwelo.

Apa ndi pamene kunena zoona kumayesedwa. Werengani zipolopolo zimene mwaika m'magazini, kenako mukawerenge mabowo. Mwaika khumi, mabowo ali asanu ndi atatu. Mtima umafulumira kunena kuti ziwirizo zalowa m'bowo limodzi ndi zinzake. Zimatheka kwa katswiri, koma kwa wophunzira nthawi zambiri ndi bodza lodzitonthoza nalo. Lembani deti ndi mtunda papepala lililonse, mulisunge, loipa ndi labwino lomwe. Anthu amakonda kujambula pepala limodzi lokoma n'kuliika pa WhatsApp, ena asanu ndi anayi atawataya m'dzala. Munthu wotero amayenda ndi mfuti m'chiuno akukhulupirira luso limene alibe, ndipo tsiku lovuta adzawombera molingana ndi mapepala anatayawo.

4. Pafupi pakhozanso kupweteka

Mfundo yoyambira pafupi ndi ya chandamale cha pepala kapena katoni. Chitsulo n'china. Chipolopolo chikamenya chitsulo chimasweka, tizidutswa take n'kumwazika, ndipo china chikhoza kunjanja n'kubwerera kwa mwini wake. Pa mipikisano ya bungwe la masewera owombera la IPSC, wowombera pisitolo saloledwa kuyandikira chandamale chachitsulo kuposa mamita asanu ndi awiri, ndipo chitsulocho chimakhala chopangidwira ntchito imeneyo, chosalala, cholimba, ndipo aliyense pabwalopo amavala magalasi oteteza maso.

Ku Kafue zitsulo zakale n'zosasowa, ndipo chiyeso chake n'chachikulu: limu ya galimoto, silinda yakale ya gasi, chidutswa cha njanji, diramu. Zonsezi n'zokhota, zamaenjemaenje, ndipo palibe angadziwe kumene zingatumize chipolopolo. Mabotolo, miyala ndi konkire n'chimodzimodzi. Madzinso amanyenga. Chipolopolo chikafika pamadzi chopendekeka chimadumpha n'kupitirira, motero wowombera botolo loyandama pa mtsinje wa Kafue akuwombera tsidya lina ndi aliyense ali m'bango kumeneko.

5. Dziwani chimene mukuphunzirira

Mitunda imene timamva siinangogwa kumwamba, uliwonse uli ndi ntchito yake. Pa masewera a Olympics pali mpikisano wa pisitolo ya mpweya pa mamita 10. Kachipolopolo kake ndi ka mamilimita 4.5, ndipo kabwalo ka pakati kopatsa mapointi 10 ndi ka mamilimita 11.5, kukula kwake ngati batani la shati. Owombera amaimirira, dzanja limodzi lokha, n'kuwombera ka 60. Pa masewera a Paris a 2024 Manu Bhaker wa ku India anapata mamendulo awiri a buronzi pa mtunda umenewu, ndipo Yusuf Dikeç wa ku Turkey, amene zithunzi zake zinazungulira dziko lonse ali dzanja m'thumba, anapata siliva pamodzi ndi mnzake Şevval İlayda Tarhan. Ndikutchula zimenezi kuti amene amanyoza mamita khumi adziwe kuti akatswiri a dziko lonse amathera moyo wawo pamenepo.

Palinso mipikisano ya mamita 25. Wa mamita 50 unachotsedwa pa Olympics pambuyo pa masewera a Rio a 2016. Kuti muone kuvuta kwake: Aleksandr Melentyev wa ku Soviet Union anapeza mapointi 581 mwa 600 ku Moscow mu 1980, ndipo panapita zaka 34 kuti wina amupose. Anali Jin Jong-oh wa ku South Korea, amene anapeza 583 ku Granada mu 2014. Ngati anthu ophunzira tsiku ndi tsiku, ndi mfuti zopangidwira mtunda umenewo, anatenga m'badwo wathunthu kuti awonjezere mapointi awiri, munthu amene wagula pisitolo mwezi watha akufunanji pa mamita 50?

Kwa ogwira mfuti pa ntchito ya chitetezo nkhani imasiyana pang'ono. Mayeso a pisitolo a bungwe la FBI ku America amayambira pa mayadi atatu n'kumalizira pa mayadi 25, ndipo zipolopolo zambiri zimawomberedwa pa mitunda yapafupi. Chifukwa chake n'chakuti pisitolo ndi chida cha pangozi yapafupi, pamene moyo uli pachiswe ndipo kothawira kulibe. Pali phunziro lalikulu apa limene ambiri saliona. Ngati munthu ali patali kwambiri moti mukufunika luso la mpikisano kuti mumulase, dzifunseni ngati munthuyo akuwopsezadi moyo wanu. Wakuba amene akuthawa ndi waya wa kopa paphewa, ali mamita 40 uko atakupatsani msana, sakukuwopsezani. Imbani foni kupolisi, lizani wisulo, lembani zimene mwaona. Waya ugulidwanso.

6. Mfuti ilibe nthawi imene ili yopanda chipolopolo

Jeff Cooper, msilikali wakale wa ku America amene anatsegula sukulu yowombera ku Arizona mu 1976, anaphunzitsa malamulo anayi amene lero ali paliponse. Mwachidule: mfuti iliyonse uitenge ngati ili ndi chipolopolo, usaloze chinthu chimene sukufuna kuchiwononga, chala chisakhudze kachitsulo kowombera mpaka utalunjika pa chandamale, udziwe chimene ukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Pa 21 October 2021, pojambula filimu ya Rust ku New Mexico, mfuti imene inali m'manja mwa wosewera filimu Alec Baldwin inapha wojambula zithunzi Halyna Hutchins. Pamalopo panali anthu ambiri, ndipo onse ankakhulupirira kuti mfutiyo inalibe chipolopolo chenicheni.

Pabwalo, nthawi yoopsa kwambiri ndi yosintha mtunda, pamene anthu akupita kutsogolo kukasuntha zandamale. Mfuti zonse zichotsedwe magazini, zitsegulidwe, ziikidwe pansi, ndipo wina asazikhudze mpaka womaliza atabwerera.

7. Luso limamera pang'onopang'ono, kumene kulibe owonerera

Károly Takács anali sajeni m'gulu la asilikali a ku Hungary ndiponso mmodzi wa akatswiri a pisitolo m'dziko lake. Mu 1936 anamusiya pa timu ya Olympics chifukwa nthawi imeneyo ankatenga maofisala okha. Mu 1938 bomba la m'manja linamuphulikira pa maphunziro a usilikali n'kumuphwanya dzanja lamanja, lomwe ankawombera nalo. Atatuluka m'chipatala anayamba kuphunzitsa dzanja lamanzere, payekha, osauza anthu. Mu 1939 anabwerera n'kupambana mpikisano wa dziko lonse la Hungary. Nkhondo inalepheretsa masewera a 1940 ndi 1944, iye n'kudikira. Mu 1948 ku London, ali ndi zaka 38, anapata golide pa mpikisano wowombera mofulumira pa mamita 25, ndipo anabwerezanso ku Helsinki mu 1952.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi miyezi ija imene palibe anaiona. Katswiri amene dziko linkamudziwa anavomera kukhalanso wophunzira, dzanja likunjenjemera ngati la mwana, n'kuyambiranso pachiyambi. Akanakhala wa manyazi akanangokhala pakhonde n'kumasimba za kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tionjezepo kuti gawo lalikulu la luso limeneli silifuna n'chipolopolo chomwe. Kaimidwe, kagwiridwe, kapumidwe ndi kukoka chala mosagwedeza mpope, akatswiri amaziphunzira ndi mfuti yopanda kanthu, zipolopolo zili m'chipinda china, mfuti italoza kumene kulibe munthu. Kwa munthu wa ku Kafue amene zipolopolo zimamudulira, amenenso bwalo lovomerezeka lili kutali, iyi ndi nkhani yabwino, bola aphunzitsidwe kaye ndi wodziwa.

8. Chimene simukuchiona bwino musachiwombere

Pabwalo kumakhala kowala, pepala limaima chilili, mtima uli m'malo. Ntchito ya ulonda imachitika usiku, magetsi atazima, mvula ikugwa, mtima ukugunda pakhosi. Munthu amene amalasa bwino pa mamita 15 masana, pa nthawi ngati imeneyo luso lake limatsika kwambiri, ndipo ayenera kudziwiratu zimenezi. Mtunda umene maso amazindikira nkhope usiku ndi waufupi kuposa umene mfuti imafika. Pakati pa mitunda iwiriyi ndi pamene pamafera anthu osalakwa.

Pa 14 February 2013 ku Pretoria, Oscar Pistorius, wothamanga wotchuka amene ankadziwa bwino mfuti ndipo ankapita ku mabwalo owombera, anawombera kanayi pa chitseko chotseka cha chimbudzi m'nyumba mwake. Kuseri kwake kunali chibwenzi chake, Reeva Steenkamp. Pistorius anauza khoti kuti ankaganiza kuti ndi wakuba. Mu December 2015 khoti lalikulu la apilo la South Africa linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, ponena kuti amene akuwombera chitseko chotere amadziwa kuti aliyense ali kuseriko akhoza kufa, kaya ndi ndani. Mtunda unali wa mamita ochepa chabe, zipolopolo zinalasa, ndipo luso lonse la pabwalo silinathandize kanthu poti sanaone chimene ankawombera.

Kwathu kunonso tili nazo zokumbukira. Pa 23 December 2020 ku Lusaka, pamene apolisi ankabalalitsa gulu la anthu pafupi ndi likulu lawo, anthu awiri anaphedwa ndi mfuti. Mmodzi anali loya wa boma, Nsama Nsama, amene sanali m'gulumo n'komwe. Anangotuluka mu ofesi kukagula chakudya. Chipolopolo sichifunsa dzina.

Taganizirani mpanda wa fakitale cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Chinthu chikusuntha mu udzu. Akhoza kukhala wakuba, inde. Akhozanso kukhala wantchito wa shifiti ya usiku amene wadutsa njira yachidule, mnyamata wotola zitsulo kuti akagulitse apeze ya ufa, woledzera wosokera, kapena mlonda mnzanu amene wapita kukadzithandiza. Alonda ambiri pa mageti athu ali ndi tochi, ndodo ndi wisulo basi, ndipo pa nthawi ngati imeneyi tochi imaposa mfuti, chifukwa imayankha funso loyamba: kodi ndani? Nako kuwombera m'mwamba kowopseza kuja, kumene ena amakuyesa kopanda vuto, kuli ndi mlandu wake, pakuti chipolopolocho chimakatsika pa denga la wina ku komboni.

Kwa olemba ntchito ndinene mosabisa: kumupatsa munthu mfuti atawombera zipolopolo zochepa tsiku limodzi, kenako n'kumuika pa geti zaka zingapo osabwereranso pabwalo, ndi kumuika pa msampha iyeyo ndi onse odutsa pamenepo. Nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Tsiku la ngozi wopita kundende ndi mlondayo, koma amene anaumira ndalama ya maphunziro ali ndi gawo lake pa magaziwo.

9. Thupi lanu ndi ana anu nawonso ali pabwalopo

Kulira kwa pisitolo kumafika pa madesibelo pafupifupi 160, pamene akatswiri a makutu amati phokoso ladzidzidzi loposa 140 likhoza kuwononga khutu nthawi yomweyo. Khutu likawonongeka motere silichira. Amene anagwirapo ntchito pafupi ndi makina a m'fakitale akuwadziwa madala amene lero uyenera kuwakuwira. Zotseka m'makutu ndi magalasi si zodzikongoletsera, ndipo wopenyerera ayeneranso kuvala.

Chinanso ndi mtovu. Zipolopolo zambiri zili ndi mtovu mkati, ndipo utsi wa mfuti umasiya fumbi lake m'manja, pankhope ndi pa zovala. Ife a m'Zambia sitifunika kuuzidwa za mtovu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni ozungulira akupezeka nawo m'magazi, ndipo umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Mukachoka kowombera sambani m'manja ndi sopo musanadye, musanasute, musananyamule mwana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Makoko a zipolopolo musawapatse ana kuti aziseweretsa.

10. Pezani mphunzitsi, ndipo lamulo likhale patsogolo

M'Zambia kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso ndi mlandu, malinga ndi lamulo la mfuti, Chaputala 110 cha malamulo a dziko lino. Koma chiphaso chimangonena kuti boma lakulolani kusunga mfutiyo. Sichiika luso m'manja mwanu, ndiponso sichisandutsa malo apululu alionse kukhala bwalo lowombera. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito ya ulonda, lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limafuna kuti munthu ayambe waphunzira ndi kukhoza mayeso asanapemphe chiphaso. Nzeru imeneyo munthu akhoza kudzilamula nayo yekha ngakhale wina asamukakamize. Pitani ku polisi ya kwanu mukafunse kumene kuli bwalo lovomerezeka ndi mphunzitsi wodziwika. Lusaka ili makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Kafue, ndipo mtengo wa minibasi ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa bokosi la maliro.

Mphunzitsi wabwino mudzamudziwa ndi mafunso ake. Asanakupatseni chipolopolo adzafuna kuona ngati mumatha kuchotsa magazini ndi kutsimikiza kuti mumpope mulibe kanthu. Adzakufunsani kumene mumasunga mfutiyo kunyumba, ngati pamatsekedwa, ndiponso amene ali ndi kiyi. Akamva fungo la mowa adzakubwezani ngakhale mwalipira kale. Akaona kuti mwabwera mutakwiya, mwina mwayambana ndi akunyumba kapena ndi mnzanu wa bizinesi, adzati, "Bambo, lero ayi, mubwere sabata yamawa." Mverani. Munthu wokwiya amafuna kumva mfuti ikulira, ndipo chimene amaona papepala nthawi imeneyo si pepala.

Ndipo akakuimitsani pa mamita asanu pamene ena ali pa 25, musayang'ane kumbali. Kanyanga kakhale pakati pa kampata, mupume, mukoke chala pang'onopang'ono mpaka mfuti ilire yokha. Zikatha zisanu, chotsani magazini, tsegulani mfuti, muiike pansi, mudikire mawu a woyang'anira bwalo, kenako mupite limodzi ndi mphunzitsiyo mukawerenge mabowo.